Kupima ukalamba mu mitochondria ya nkhuku: njira yotheka mu labotale ya ku Mzuzu

Tambala wa zaka 4 akalowa mumphika amatha nkhuni, ndipo kulimba kwa nyama yakeko kumachokera ku ulusi wa collagen umene umalukana kwambiri zaka zikamapita. Umenewo ndi ukalamba umene dzino limaumva. Pali wina umene dzino silingaumve, wobisala m'kati mwa maselo, m'tizigawo totchedwa mitochondria momwe chakudya chimasandukira mphamvu. Malangizo ano ndi a aphunzitsi a Biology, ophunzira a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ndi ogwira ntchito m'malabotale amene akufuna kupatula mitochondria m'chiwindi cha nkhuku yaing'ono ndi cha yokalamba n'kuyerekeza ziwirizo, pogwiritsa ntchito centrifuge (makina opukusira machubu), colorimeter (makina opimira kuwala kodutsa m'madzi) ndi maikulosikopu wamba.

Chenjezo lalikulu tiyambe nalo. Mitochondria imene yatenthedwa, yasinjidwa mopyola muyeso kapena yakhalitsa pa tebulo imaoneka ndendende ngati yokalamba: imatupa msanga, imataya mapuloteni, imagwira ntchito mwaulesi. Mu 2010 ofufuza a ku Canada anaonetsa pa minofu ya makoswe kuti kupatula mitochondria kokhako kumakulitsa kusiyana kwa nyama zazing'ono ndi zokalamba poyerekeza ndi kupima mitochondria ikadali m'malo mwake. Choncho theka la ntchitoyi ndi kuteteza zotsatira zanu ku manja anu omwe.

Chimene mukufunafuna

Mitochondria ndi yaing'ono ngati mabakiteriya, m'lifupi mwake pakati pa 0.5 ndi 1 µm. Selo limodzi la chiwindi limakhala nayo yoposa 1,000, ndipo mu mtima imadzaza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a selo. Ili ndi nembanemba ziwiri. Yakunja ndi yosalala, yam'kati ndi yopindikapindika, ndipo mapindowo amatchedwa cristae. Pa mapindo amenewa pali makina anayi a mapuloteni, complex I mpaka complex IV, opatsirana maelekitironi kuchokera ku chakudya mpaka kukafika ku okosijeni. Akamapatsirana, complex I, III ndi IV amakankhira mapulotoni kunja kwa nembanemba yam'kati, ndipo mapulotoniwo pobwerera amazunguza makina achisanu opanga ATP, chinthu chimene chimanyamula mphamvu m'selo. Peter Mitchell ndiye anafotokoza zimenezi mu 1961. Tanthauzo lake pa ntchito yanu n'lakuti nembanembayo ikangodontha, chakudya chimapsa koma ATP sapangika.

Mitochondria ili ndi DNA yakeyake, yozungulira ngati mkanda, yotengera kwa mayi okha. DNA imeneyi imapanga mapuloteni 13 basi, koma onse ndi zidutswa za complex I, III, IV ndi makina a ATP. Complex II yekha ndiye alibe chidutswa chochokera kumeneko, zonse zake zimachokera ku DNA ya m'nucleus. Igwireni mfundo imeneyi, chifukwa mayeso onse a m'munsimu aima pa iyo.

Nyama ikamakalamba pamachitika zinthu zingapo nthawi imodzi. DNA ya mitochondria imaduka zigawo kapena kukoperedwa molakwika, ndipo m'maselo ena makope olakwikawo amachuluka mpaka kuposa abwino. Mafuta apadera a nembanemba yam'kati, otchedwa cardiolipin, amachepa kapena kuwonongeka, cristae amachepa ndi kusokonekera, ndipo mitochondria ina imakula n'kutupa. Njira yochotsera yowonongeka, imene imayendetsedwa ndi mapuloteni monga PINK1 ndi Parkin, imafooka, komanso kupanga yatsopano kumachepa. Mitochondria yokalamba imalepheranso kupirira calcium. Zimenezi zimaonekera kwambiri mu mtima, mu ubongo ndi m'minofu, momwe maselo salowedwa m'malo kawirikawiri. M'chiwindi zimaoneka mocheperako, komabe tikulangiza kuyamba ndi chiwindi chifukwa ndi chofewa, chimapereka mitochondria yambiri, ndipo chimakhululukira manja osazolowera.

Kusankha nkhuku

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera zisanayambe. Chophweka ndi kulowa mumsika waukulu wa Mzuzu n'kugula broiler ya masabata 6 ndi thadzi la mazira lopuma, n'kunena kuti mwapeza yaing'ono ndi yokalamba. Musatero. Nkhuku ziwirizo ndi za mitundu yosiyana, zadya zakudya zosiyana, ndipo broiler ikadali mwanapiye wonenepa amene sanamalize kukula. Thadzi loikira lili ndi chiwindi chachikasu, chodzaza mafuta amene limapangira yolk ya dzira, ndipo mafuta amenewo amasokoneza kupatula ndi kupima komwe. Kusiyana kumene mungapeze sikungakhale kwa ukalamba.

Tengani atambala okhaokha, a mtundu umodzi, makamaka ochokera m'khola limodzi. A Mikolongwe kapena achikuda ndi abwino chifukwa anthu amawasunga nthawi yaitali. Gulu laling'ono likhale la miyezi 8 mpaka 12, atakhwima kale. Gulu lokalamba likhale la zaka 4 kupita m'tsogolo. Funani mlimi amene akudziwadi chaka chimene tambala anaswedwa, monga alimi olemba m'kabuku kapena okumbukira pogwirizanitsa ndi nyengo inayake. Chikhadabo cha kumbuyo kwa mwendo chimatalika ndi zaka, koma chimangokupatsani chithunzi, si umboni. Pa gulu lililonse mufunika nkhuku 5 kapena 6. Imodzi ndi imodzi sizinena kanthu, pakuti atambala awiri obadwa tsiku limodzi amasiyananso.

Zisungeni pamodzi masabata awiri, zizidya chakudya chimodzimodzi. Madeya a chuku musawapatse, chifukwa aflatoxin, poizoni wa m'chuku, amawononga chiwindi chomwe mukufuna kupimacho. Yoonetsa zizindikiro za chitopa, yoonda kapena ya chiwindi cha madontho oyera ichotsedwe pa chiwerengero. Usiku womaliza chotsani chakudya kwa maola 12 koma madzi asiyeni, kuti glycogen ndi mafuta m'chiwindi zichepe. Ngati ntchitoyi ndi kafukufuku wa pa yunivesite, pezani kaye chilolezo cha komiti yoona za kasamalidwe ka nyama, ndipo wopha akhale munthu wodziwa kupha mwachangu.

Madzi osungiramo ndi zipangizo

Mitochondria ikaikidwa m'madzi wamba imamwa madziwo n'kuphulika. Imafuna madzi a sucrose wa 0.25 M, njira imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1940. Pa 500 mL ya madzi a distilled sungunulani 42.8 g ya sucrose, 0.61 g ya Tris ndi 0.19 g ya EDTA, kenaka fikitsani pH pa 7.4 ndi madontho a HCl. Ili ndi botolo A. Ngati muli ndi BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) yopanda mafuta, thiranimo 0.2 g pa 100 mL iliyonse pa tsiku la ntchito, chifukwa imayamwa mafuta omasuka amene amadonthetsa nembanemba. Botolo B likhale chimodzimodzi koma lopanda EDTA ndi BSA.

EDTA alimo kuti agwire calcium wotuluka m'maselo osweka, amene akanatupitsa mitochondria musanayambe n'komwe kupima. Ndi chifukwa chomwecho madzi a pampopi saloledwa, ngakhale potsukuluza komaliza. Shuga wa m'sitolo ndi sucrose ndithu, koma wathu kuno amathiramo vitamini A, ndipo wabulauni ali ndi michere ya nzimbe kuphatikizapo calcium. Pa chionetsero cha m'kalasi shuga woyera angathandize, pa zotsatira zokalemba ayi.

Tris ali ndi khalidwe limene limapusitsa ambiri: pH yake imakwera akamazizira, pafupifupi 0.03 pa digiri iliyonse. Mukaikonza pa 7.4 madzi ali pa 25 °C, ikafika pa 4 °C idzakhala pafupi ndi 8. Ndiye botolo A likonzeni lili lozizira. Botolo B ligaweni pawiri, lina mulikonze lozizira lotsukira, lina pa 25 °C lopimira.

Zina zofunika ndi sizasi yakuthwa, mabeaker, gauze, sikelo, mapipette, bokosi la ayisi wophwanya, ndi homogeniser (chosinjira) ya galasi ya mtundu wa Potter-Elvehjem kapena Dounce. Ikasowa, kamtondo ka labotale kozizira kamagwira ntchito ngati dzanja lili lopepuka. Zonse zigone mu firiji, pamodzi ndi rotor (gawo lozungulira lonyamula machubu) ya centrifuge. Ayisi mukonzeretu wochuluka dzulo lake ndipo muike ena m'cooler box, kuti magetsi akazima pakati pa ntchito musataye nkhuku. Magalasi otsukidwa ndi sopo atsukuluzidwe kambiri, pakuti kasopo kotsalira kamasungunula nembanemba.

Pa centrifuge, musakopere manambala a rpm a m'buku la labotale ina. Chofunika ndi mphamvu yokankhira pansi, yolembedwa × g, ndipo imadalira utali wa rotor yanu. Pimani masentimita kuchokera pakati pa rotor mpaka pansi pa chubu, amenewo ndi r. Mphamvu ndi 0.00001118 × r × rpm × rpm. Ngati r ndi 10 cm, 600 × g amafuna pafupifupi 2,300 rpm. Ngati r ndi 8 cm, 10,000 × g amafuna pafupifupi 10,600 rpm. Centrifuge ya kuchipatala yopukusira magazi, ya 4,000 rpm pa 10 cm, imangofika pafupifupi 1,800 × g, yomwe ndi yokwanira kupukusa koyamba kokha. Kwachiwiri gwiritsani ntchito microcentrifuge ya timachubu ta 1.5 mL. Ngati ilibe choziziritsira, iikeni m'chipinda chozizira kapena muziziritse rotor yake pa ayisi pakati pa kupukusa kulikonse, chifukwa mphindi 10 zokha zimaitenthetsa.

Kuchokera pa mpeni mpaka pa zodikha

Gwirani nkhuku ziwiriziwiri, yaing'ono imodzi ndi yokalamba imodzi tsiku limodzi, ndi madzi a botolo limodzi, mu rotor imodzi. Tsiku lina yambani ndi yaing'ono, lina ndi yokalamba. Mnzanu amene sadzapima alembe zilembo pa mabeaker, monga K ndi M, n'kusunga chinsinsi mpaka mawerengero atatha. Munthu akadziwa kuti ichi n'cha yokalamba, dzanja lake limasintha iye osazindikira.

Nkhuku ikangophedwa ndi kukhetsedwa magazi, tsegulani ndi kutulutsa chiwindi pasanathe mphindi 3. Thupi la nkhuku limatentha 41 mpaka 42 °C, ndipo chiwindi chopanda okosijeni pa kutentha kotere chimayamba kuwonongeka nthawi yomweyo. Kusosola nthenga ndi madzi otentha kudikire. Samalani ndi ndulu. Kukhitchini ikaphulika nyama imangowawa, koma kuno mchere wa m'ndulu umagwira ntchito ngati sopo ndipo umang'amba nembanemba za mitochondria. Ikaphulika, chiwindi chimenecho chatha, musayese kuchitsuka.

Ponyani chiwindi mu beaker ya madzi a botolo A ili pa ayisi. Dulani 5 g, muduledule ndi sizasi mpaka tizidutswa tikhale ngati njere za mpunga, kenaka tsanulani madziwo n'kuthira ena katatu mpaka asiye kufiira. Pa nkhuku kutsuka uku n'kofunika kuposa pa mbuzi kapena khoswe, chifukwa maselo ofiira a magazi a mbalame ali ndi nucleus ndi mitochondria yawoyawo.

Thirani 45 mL ya botolo A. Ndi homogeniser, tsitsani ndi kukweza munsi wake maulendo 5 kapena 6, pang'onopang'ono, chubu chili m'ayisi, osatulutsa munsi pamwamba pa madzi kuti pasachite thovu. Ndi kamtondo, kanikizani mozungulira kwa mphindi 2, osathiramo mchenga. Chiwerengero chimene mwasankha chikhale chomwecho pa nkhuku zonse. Mukasinja pang'ono mupeza mitochondria yochepa koma yabwino. Mukasinja kwambiri mupeza yambiri yong'ambika, ndipo ya nkhuku yokalamba, pokhala yosalimba kale, ndi imene imang'ambika koyamba. Sefani pa gauze wopinda kanayi.

Pukusani pa 600 × g kwa mphindi 10. Pansi padzadikha manucleus, maselo osasweka ndi magazi. Pamwamba penipeni padzayandama kamafuta koyera, kachotseni ndi kathonje kapena pepala lofewa. Tengani madzi apakatiwo ndi pipette, n'kusiya pang'ono pamwamba pa zodikhazo kusiyana n'kuzivundula. Madzi amenewa apukuseni pa 8,000 mpaka 10,000 × g kwa mphindi 10.

Tsopano yang'anitsitsani pansi pa chubu. Mudzaona zodikha zabulauni ngati chiponde cha mtedza wokazinga, imeneyo ndiyo mitochondria. Pamwamba pake pamakhala kansalu kotuwa, kotakasuka, ka mitochondria yosweka ndi zinyalala zina, ndipo pansi penipeni nthawi zina kadontho kofiira ka magazi. Tsanulani madzi, pukutani mafuta m'mbali mwa chubu, gwedezani pang'ono ndi timadzi tochepa kuti kansalu kotuwako kachoke. Lembani kukula kwa kansaluko pa nkhuku iliyonse. Ngati kali kokulirapo nthawi zonse pa gulu limodzi, ndiye kuti mukutaya mitochondria yofooka ya gululo n'kupima yolimba yokhayokha, ndipo zimenezi zingabise kusiyana kumene kulipodi.

Sungunulani zabulaunizo ndi kandodo kagalasi kozizira kapena pipette ya kukamwa kodula, kusiya kadontho kofiira. Thirani botolo A, pukusaninso. Kutsuka komaliza kukhale ndi botolo B lozizira, kuti EDTA achoke. Pomaliza sungunulani mu 1 mL yokha ya botolo B. Mitochondria imakhalitsa ikakhala yothithikana ngati phala kusiyana ndi yosukuluka. Kuyambira pa mpeni mpaka apa pasapitirire ola limodzi ndi theka.

Musanapime chilichonse dziwani kuchuluka kwa puloteni, apo ayi mudzayerekeza chubu chodzaza ndi chubu chosukuluka. Njira ya Biuret ndi yokwanira: 50 µL ya mitochondria, kadontho ka sodium deoxycholate kuti madzi ayere, madzi mpaka 1 mL, kenaka 4 mL ya Biuret, kudikira mphindi 30, kuwerenga pa 540 nm, kuyerekeza ndi BSA ya 1 mpaka 10 mg/mL. Mu blank, chubu chopanda puloteni choikira colorimeter pa ziro, muthiremo botolo B lofanana, chifukwa Tris ndi sucrose amasinthako mtundu. Mukatero sukulutsani gawo lina kuti nkhuku zonse zikhale pa 5 mg/mL.

Pa maikulosikopu

Sakanizani dontho la mitochondria yosukuluka ndi dontho la Janus green B wa 0.01%, dikirani mphindi 5 musanavundikire, yang'anani pa 1,000× ndi mafuta. Utoto umenewu, umene Leonor Michaelis anaugwiritsa ntchito pa mitochondria mu 1900, umakhala wobiriwira mobuluwira pamene complex IV akugwira ntchito ndipo okosijeni alipo. Mudzaona timadontho ndi timitengo tating'onoting'ono tikunjenjemera. Pakapita mphindi zingapo mtundu umazilala kuyambira pakati pa coverslip, kumene okosijeni amayamba kuthera, m'mphepete mukadali mobiriwira. Sikuti mwalakwitsa, ndi umboni woti mitochondria ikupuma.

Pa ukalamba, maikulosikopu wa kuwala sangakuuzeni zambiri. Saona chinthu chochepera 0.2 µm, ndiye cristae simudzawaona. Ntchito yake pano ndi kutsimikiza kuti mulibe manucleus ndi maselo a magazi ambiri. Wofuna kuona cristae adule tizidutswa ta 1 mm pa chiwindi chatsopano, aike mu glutaraldehyde wa 2.5% nthawi yomweyo, n'kutumiza kumene kuli electron microscope.

Mayeso atatu, motsatana chonchi

Onse achitike pa 25 °C m'beseni la madzi lokhala ndi thermometer. M'mawa wa mu Julaye kuno ku Mzuzu ndi masana a mu Okutobala zimasiyana madigiri oposa 10, ndipo kusiyana kotere kumatha kuwirikiza kawiri liwiro la enzaimu. Nkhuku yopimidwa m'chisanu idzaoneka yokalamba popanda chifukwa.

Yambani ndi kutupa, chifukwa kumafuna mitochondria yamoyo ya maola osapitirira 3. Mu cuvette (kachubu ka colorimeter) thirani botolo B, 75 µL ya sodium succinate wa 0.2 M (chakudya cha complex II), 60 µL ya phosphate buffer wa 50 mM, ndi 300 µL ya mitochondria, zonse zikwane 3 mL. Madziwo adzakhala amtambo chifukwa mitochondria yothina imabalalitsa kuwala. Werengani pa 540 nm kwa mphindi 2 kuti muone kuti nambala yakhazikika. Kenaka thirani 30 µL ya calcium chloride wa 10 mM, amene mumapanga posungunula 0.147 g ya dihydrate mu 100 mL. Werengani masekondi 30 aliwonse kwa mphindi 15. Mitochondria imameza calcium mpaka pamene kabowo ka m'nembanemba yam'kati kamatseguka, madzi amalowa, cristae amafunyululuka, ndipo madzi a mu cuvette amayamba kuyera. Lembani mphindi zimene zapita kuti nambala igwe theka la kugwa kwake konse. M'nyama zambiri yokalamba imagonja msanga. Ikani cuvette ina yokhala ndi EDTA wa 1 mM, imeneyo isatupe. Ngati nambala ikugwa musanathire calcium, mitochondria inawonongeka popatula. Ngati sikugwa konse, EDTA sanatsukike, kapena muwirikize calcium pa nkhuku zonse mofanana.

Achiwiri ndi a complex IV. Mankhwala ake ndi TMPD, omwe aja a oxidase test m'malabotale a mabakiteriya. Pangani wa 1% tsiku lomwelo m'botolo lakuda, chifukwa mpweya wokha umamusandutsa wabuluu. Mu 3 mL ya botolo B thirani 20 µL ya mitochondria, kenaka 50 µL ya TMPD, sakanizani msanga, werengani pa 610 nm masekondi 15 aliwonse kwa mphindi 2. Bwerezani mu cuvette ina mutathiramo 0.3 mL ya sodium azide wa 0.04 M, amene amatseka complex IV. Liwiro la yachiwiri lichotseni pa la yoyamba, chotsalacho ndicho ntchito ya complex IV. TMPD amapereka maelekitironi kudzera mwa kapuloteni kotchedwa cytochrome c, kamene kamakhala pakati pa nembanemba ziwiri zija. Nembanemba yakunja ikang'ambika posinja, kapena mitochondria ikaundana mu freezer, cytochrome c amathawa ndipo complex IV wabwinobwino amaoneka wofooka.

Achitatu ndi a complex II, amene amapirira kudikira. Mufunika DCPIP, utoto wabuluu umene masukulu amapimira vitamini C: 14.5 mg mu 100 mL amapereka 0.5 mM. Succinate wa 0.2 M ndi 5.4 g ya hexahydrate mu 100 mL, azide wa 0.04 M ndi 0.26 g mu 100 mL, ndipo phosphate buffer ndi 6.8 g ya KH2PO4 mu lita, pH 7.4. Mu chubu thirani 3.4 mL ya phosphate, 0.5 mL ya azide, 0.5 mL ya succinate ndi 0.1 mL ya mitochondria. Siyani mphindi 10, chifukwa enzaimuyi imatuluka m'chiwindi itatsekedwa ndi oxaloacetate ndipo succinate amafuna nthawi kuti aichotse. Odumpha sitepe imeneyi amapeza liwiro loyamba mochedwa n'kumakwera. Thirani 0.5 mL ya DCPIP, werengani pa 600 nm masekondi 30 aliwonse kwa mphindi 5. Buluu adzazilala, chifukwa azide watseka complex IV ndipo maelekitironi ochokera ku succinate akupita kwa DCPIP.

Pakhale machubu atatu oyerekezera. Choyamba chopanda succinate. Chachiwiri chokhala ndi 0.2 mL ya malonate wa 0.2 M, amene amafanana ndi succinate n'kumulanda malo. Chachitatu cha mitochondria yowiritsa mphindi 5. Ngati chowiritsacho chikuzilalitsabe utoto, muli vitamini C kapena zinthu zina za m'chiwindi zimene sizinatsukike. Powerengera, gawani kugwa kwa nambala pa mphindi ndi 21 (nambala yokhazikika ya utoto wa DCPIP), chulukitsani ndi mamililita a m'chubu, gawani ndi mamiligalamu a puloteni, kenaka chulukitsani ndi 1,000 kuti yankho likhale mu nmol. Mwachitsanzo kugwa kwa 0.06 pa mphindi, mu 5 mL, ndi 0.5 mg, kumapereka pafupifupi 29 nmol pa mphindi pa mg.

Amene ali ndi oxygen electrode angapimenso kapumidwe ka mitochondria ADP (chimene chimasandutsidwa ATP) asanathiridwe ndi atathiridwa. Akumbukire kuti Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo madzi kuno amasunga okosijeni wochepa ndi pafupifupi 14% poyerekeza ndi nambala za m'mabuku, zomwe ndi za m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Kuwerenga zimene mwapeza

Complex II asakukhumudwitseni akafanana pa magulu onse awiri. Popeza sadalira DNA ya mitochondria, kuwonongeka kwa DNA imeneyo sikumukhudza mwachindunji, ndipo m'minofu yokalamba muli ulusi wina umene complex IV anazimiratu koma complex II anakwera, chifukwa selo likuchulukitsa mitochondria poyesa kudzipulumutsa. Ndiye complex II mutengeni ngati muyeso wa kuchuluka kwa mitochondria m'chubu, ndipo nambala yofunika ikhale complex IV kugawa ndi complex II pa nkhuku iliyonse. Nambala imeneyi ikatsika pa gulu lokalamba, tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi kutupa kwamsanga, mwapeza kanthu. Ikasiyana kwambiri pakati pa Lolemba ndi Lachinayi kuposa pakati pa magulu, mukupima manja anu.

N'zothekanso kuti simupeza kusiyana kulikonse, ndipo mulembe choncho osawonjezera. Nkhuku yosamalidwa imatha kufika zaka 8, ndiye tambala wa zaka 4 ali pakati pa moyo. Mbalame zimakalambanso mochedwa poyerekeza ndi nyama zoyamwitsa za thupi lofanana nazo kukula: nkhunda imatha kukhala zaka zoposa 15 pamene khoswe sapitirira 4, ndipo mitochondria ya mu mtima wa nkhunda inapezeka kuti imatulutsa hydrogen peroxide, mankhwala owononga maselo, wochepa kuposa ya khoswe. Sitepe yotsatira ikhale mtima kapena nyama yofiira ya ntchafu, osati yoyera ya pachifuwa yomwe ili ndi mitochondria yochepa. Minofu imafuna kuduladula kwambiri ndi kufewetsa ndi trypsin, enzaimu yogaya mapuloteni, musanasinje. Pa nkhunda n'zosiyana, nyama ya pachifuwa ndiyo yofiira, ndipo ndi imene Hans Krebs anagwiritsa ntchito ku Sheffield mu 1937 pofufuza mmene maselo amasandutsira chakudya kukhala mphamvu.

Polemba lipoti samalani ndi mawu oti mitochondria ndiyo imayambitsa ukalamba. Denham Harman ananena mu 1956 kuti ma free radical, timamolekyu tolusa towononga zigawo za selo, ndiwo amakalambitsa, ndipo mu 1972 analoza mitochondria ngati gwero lake lalikulu. Mu 2004 ofufuza a ku Karolinska Institute ku Stockholm anapanga mbewa zokhala ndi enzaimu yokopera DNA ya mitochondria yosatha kukonza zolakwa zake. Mbewazo zinathothoka ubweya, zinapindika msana, mafupa anafooka ndipo zinafa msanga, zomwe zinasonyeza kuti kuwononga DNA imeneyi kumatha kubweretsa zizindikiro za ukalamba. Koma mbewa zomwezo sizinaonetse kuwonongeka kwakukulu kochokera ku ma free radical, ndipo naked mole-rat, kanyama kopanda ubweya kokhala pansi pa nthaka ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia, amakhala zaka zoposa 30 ngakhale maselo ake ali ndi kuwonongeka kotereku kochuluka. Mayeso anu akuonetsa kuti mitochondria ya gulu ili ikusiyana ndi ya gulu ilo. Chimene chinayamba pakati pa ukalamba ndi kufooka kwa mitochondria sangachinene.

Zotsala zonse za azide zithiridwe m'botolo lakelake lolembedwa bwino, lotalikirana ndi asidi, chifukwa akakumana amatulutsa mpweya wakupha, ndipo m'mapaipi a kopa kapena mtovu amapanga michere yotha kuphulika. Valani magolovesi pogwira azide ndi TMPD, ndipo musakoke chilichonse ndi pakamwa. Nyama imene yalowa mu labotale isapite kukhitchini. Mitochondria yotsala igaweni m'timachubu ta 100 µL n'kuika pa −20 °C, mulembe chilembo cha nkhuku, tsiku ndi mg/mL. Yotereyi ingabwerezedwe pa complex II yekha, kamodzi kokha ikasungunuka.